Maliro Opanda Masamba Pamsewu

Olivia anali atathyola kale nthambi ziwiri za mango pamene amalume ake, a Obed, anatuluka m'nyumba n'kumugwira pamkono.

"Ukupita nazo kuti zimenezo?"

"Kumsewu, amalume. Anthu adziwe kuti pano pagwa zovuta."

"Taponya uko, ulowe m'nyumba. Tiyambe takambirana."

Olivia anawayang'ana kumaso. Chibadwire chake mu Zingwangwa anali asanamvepo kuti masamba a maliro amayamba akambidwa. Munthu akamwalira, nthambi zimayalidwa pamsewu, magalimoto amachepetsa liwiro, wa njinga amatsika, ndipo odutsa amadziwa kuti pakhomo apo pali misozi. Amayi ake, a Constance, anali atatsirizika m'mawa womwewo ku chipatala, thupi lili ku mochale, koma pakhomo pawo panali zii ngati Lachinayi lina lililonse. Anaponya nthambi zija kuseri kwa bafa n'kutsatira amalume ake.

Pabalaza anapeza mng'ono wake Tithokoze atakhala pampando wa amayi, foni ya amayi ili m'manja. Olivia anaona zonse ziwiri, mpando ndi foni, ndipo zonse ziwiri zinamuwawa. Mwamuna wake Fletcher anali ataima pakhomo la khitchini monga achitira mkamwini, m'nyumba alimo koma ngati ali panja.

"Ana inu, mundimvetsetse," anayamba a Obed. "Chemwali wanga wapita, sitingamubweze. Koma pali chinthu chimene wachivutikira zaka zonsezi, ndipo chimenecho tikhoza kuchipulumutsa. Titho akukaonekera ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe mwezi wamawa. Mnzanga wina wodziwa zinthu izi wandiuza kuti woitana akamwalira, mapepala amafa naye limodzi. Ndiye ine ndikuti, a ku Amerekawo adziwa bwanji? Munthu wafera kuno kwawo, ali pa tchuthi. Akapanda kuuzidwa sadziwa."

"Ndiye mukuti titani?" anafunsa Olivia.

"Pano pasamveke kulira. Masamba ayi, uthenga wa pa wailesi ayi, za pa Fesibuku ayi. Loweruka titenga thupi ku mochale n'kulunjika kumudzi ku Thyolo, tikaika mwachidule. Aliyense wofunsa muzimuuza kuti apita kumudzi kukapuma. Viza ikatuluka tidzachita mwambo waukulu, tidzamanga ndi chiliza chomwe."

Nkhani ya viza imeneyi inali itakhala m'banjamo kwa nthawi yaitali kuposa mipando. A Constance anapita ku Amereka bambo atamwalira, Olivia atangolemba mayeso a Fomu 4, Titho akadali ku pulayimale. Kumeneko ankasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni, ndipo kuno Olivia ndiye anasanduka mayi. Ankaluka Titho tsitsi, kumuchapira yunifolomu, kukamulankhulira kwa aphunzitsi. Patapita zaka a Constance anakhala nzika ya dzikolo, ndipo anauzidwa kuti nzika ikhoza kuitana ana ake ngakhale atakula, kungoti mzere wa osakwatiwa umayenda, pamene wa okwatiwa umakwawa. Apo n'kuti Olivia ali kale pabanja, mwana ali kumbuyo.

"Tiyambe ndi Titho," anatero amayi pa foni tsiku limenelo. "Iwe uli ndi pogwira."

Mawu amenewo Olivia anawasunga ngati munga wothyokera kuphazi. Pogwira pakepo panali benchi ya kaunjika mu Limbe, nyumba ya lendi ku Bangwe, ndi mwamuna wokonza mafiriji mumzinda umene magetsi amabwera akafuna. Titho ndiye anasungidwa ngati nkhuku ya Khirisimasi. Ankakhala m'nyumba ya amayi, nsapato zikubwera pa ndege, lamulo lili limodzi lokha loti asakwatiwe mpaka mapepala atatuluka. Mnyamata wake Maxon anadikira, anadikiranso, kenaka anakakwatira namwino wa ku Naperi. Titho anaonda chaka chimenecho. Olivia anaona, koma sanaziwerengere. Munthu wa nsanje amaona nsapato, kuonda sakuona.

"Amalume," anatero Olivia, "amayi amenewa sanajombepo pa maliro a munthu mu Zingwangwa muno. Maliro n'kulirana. Lero awo tiwazembetse ngati katundu wakuba?"

"Ukulankhulira amako, kapena ukulankhula chifukwa wopita si iwe?" anafunsa a Obed.

Funsolo linali loipa, koma linagunda pomwe panali chilonda. Zoona zake n'zakuti Olivia ankalankhulira zonse ziwiri, ndipo mwini wakeyo sakanatha kulekanitsa pamene chikondi cha amayi chathera ndi pamene nsanje yayambira.

Fletcher anakhosomola. "Pepani amalume, ine ndingoponyapo. Anthu ajatu ali ndi makompyuta, akhoza kufuna kulankhula ndi mwini wake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tisataye maliro chifukwa cha chinthu chimene sitinachigwire."

"Akamwini, inu za mafiriji," anatero a Obed, osatembenuka n'komwe.

Titho anadzutsa mutu, maso ali psuu. "Achemwali, inetu sindinapemphe zimenezi."

"Unapemphapo chiyani iwe chibadwire? Zako zimangobwera."

Nkhani inathera pomwepo, poti mwini mbumba anali atagamula.

Nyumba yoletsedwa kulira ndi yolemera kuposa nyumba ya maliro. A Obed analamula kuti wailesi izilira monga mwa masiku onse, makatani atsegulidwe, ndipo zovala ziyanikidwe panja kuti oyandikana nawo asadabwe. Olivia chisoni chikamukwera ankathawira ku bafa. Mpopi unali wouma sabata imeneyo, choncho ankatunga madzi mu ndowa imodzi n'kumakhuthulira mu inzake, kubwereza-bwereza, kuti phokosolo libise kusisima kwake. Analira chotero mpaka maso anauma, mutu ukuwawa ngati wamenyedwa.

Foni ya amayi ndiyo sinkapuma. Anzawo a ku Amereka ankalemba kufunsa ngati anafika bwino, ena kukumbutsa za usipa ndi ufa wa kondowole umene anawalonjeza. A Obed ankauza Titho zoyankha: ndili bwino, ndili kumudzi, netiweki ikuvuta. Titho ankalemba, akamaliza n'kuika foni chafufumimba pantchafu ngati ikumuyang'ana. Olivia ataima kumbuyo kwake anaona nambala yotsegulira foniyo. Inali chaka chimene Titho anabadwa. Kanthu kakang'ono, koma kanamukwanira kuti asadye tsiku lonse.

Madzulo a tsikulo Fletcher anamupeza kuseri kwa nyumba akuchapa mbale zoyera kale.

"Mayi a Takondwa, nkhaniyi isiyeni. Mwana uja akapita, mwina adzakumbukira ana athu."

"Ndiye mukufuna ndizidya nyenyeswa za mng'ono wanga mpaka kukalamba?"

"Sindinatero."

"Ine ndinamulera ameneuja. Amayi ali kosambitsa azungu, wosambitsa iye anali ndani? Lero ndiletsedwe kulira mayi wanga kuti iye akwere ndege?"

Fletcher anali munthu wodziwa nthawi yotseka pakamwa. Anatenga mbale zija n'kukaziika m'nyumba.

Lachisanu m'mawa a Obed anatenga Fletcher kupita ku Ndirande kukagula bokosi, ati kumeneko palibe angawadziwe. Asanatuluke anauza Olivia kuti akonze zovala zokaveka malemu. Olivia anatsegula sutikesi ya amayi napeza yunifolomu yawo ya Mvano itapindidwa bwino pansi penipeni: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku woyera. Amayi anayenda nayo ulendo wonsewo kupita kutsidya la nyanja ndi kubwera nayo. Olivia anaisita mosamala, khola lililonse, n'kuiyala pampando wa pabalaza. Mumtima ankadzifunsa kuti awaveka ndani, poti amayi a Mvano amavekedwa ndi anzawo, nyimbo ili pakamwa. Kenaka anatenga tsache n'kutuluka kukasesa pageti.

Akusesa choncho anamva mawu kumbuyo kwake.

"Olivia, mwana wanga, wadzuka bwanji? Amako ali m'nyumba?"

Anali a Annie, wapampando wa Mvano ku tchalitchi kwawo, mnzawo wa a Constance kuyambira pa utsikana. Anali atavala kale zoyera, ambulera ili kukhwapa, akupumira m'mwamba chifukwa cha chitunda.

"Kwagwa zovuta ku Nancholi, akazi a bambo Laurenti atisiya. Ndati ndimudzere mnzanga. Anandiuza tsiku lomwe anafika kuti, Annie, nthawi imene ndili kuno pasandipite maliro. Munthu ameneyu, iwe. Ali ku Amereka komweko amaimba foni pa maliro alionse, ati ikani foni pafupi ndi bokosi ndiimbe nawo. Kwawoko kuli m'bandakucha, iye ali maso kutsogolera nyimbo."

Bodza linali lokonzeka kale pa lilime la Olivia. Apita kumudzi kukapuma. Mawu ochepa, a Annie akanatembenuka n'kutsika chitunda, Loweruka likanafika, ndipo mwezi wamawa Titho akanakwera basi ya ku Lilongwe atavala nsapato zake za pa ndege. Olivia anamuona m'maganizo akujambulitsa pa chipale chofewa, akutumiza zithunzi ku gulu la banja, iye ali pa benchi mu Limbe kukuwa mitengo ya madiresi.

Anayedzamira tsache.

"Lowani, amayi," anatero. "Mukafunse Titho. Za amayi amadziwa ndi iyeyo."

Tisamunamizire Olivia kuti lilime linaterereka. Ankadziwa chimene akuchita. Titho ankatha kunama pa foni, koma pamaso pa munthu sankatha. Kuyambira ali mwana, akati aname mlomo wa m'munsi unkayamba kunjenjemera, misozi n'kutsatira. Wodziwa bwino zimenezi anali yemwe anamulera. Olivia sanaphwanye lamulo la amalume, sananene kanthu, manja ake anali oyera. Anangotsegula geti.

A Annie analowa akuseka, ndipo maso awo anagwera pa yunifolomu ili pampando.

"Ndimadziwa ine, wakonzeka kale. Constance, tatuluka, minibasi sizidikira anthu a ku Amereka." Anatembenukira kwa Titho amene anali ataimirira pakona, foni ili m'manja. "Akusamba?"

"Amayi apita," anatero Titho.

"Apita kuti osavala?"

"Apita ku..."

Titho anayang'ana pakhomo pomwe panaima mkulu wake. Anamuyang'ana monga ankachitira kale akasowa yankho pamaso pa aphunzitsi, kudikira kuti achemwali amulankhulire. Olivia anayang'ana tsache.

Mlomo uja unayamba kunjenjemera. A Annie anasiya kuseka, nayang'ananso yunifolomu, kenaka chitseko chotseka cha kuchipinda. Ambulera inagwa pansi.

"Titho, amako ali kuti?"

Kulira kumene kunatuluka mwa Titho kunali kwa maola onse amene anakumeza. Anagwa pa simenti akuitana mayi wake, mawu anatulukira pa mawindo otsegula aja n'kutsika chitunda chonse. A Annie anakhala pansi pomwepo n'kumukumbatira, nawonso anayamba. Wailesi inali ikulirabe nyimbo ya chisangalalo mpaka Olivia anakaizimitsa.

Zingwangwa safuna kuuzidwa kawiri. Amayi oyandikana nawo anabwera akumanga zitenje m'njira, ena manja ali ndi thovu la sopo. Amuna anathyola nthambi n'kuyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa geti. Mipando inatulutsidwa panja, mphasa zinayalidwa. Amayi a Mvano amene anasonkhana kuti apite ku Nancholi anagawikana, theka linakwera chitunda. Dzuwa lisanafike pamutu chithunzi cha a Constance chinali pa foni ya aliyense, kandulo ili pambali, ndipo foni yawo inayamba kuitana kuchokera ku Amereka osalekeza. Palibe anaiyankha.

A Obed anafika ndi bokosi pa galimoto ya hayala, atalifunditsa lona kuti lisaoneke. Woyendetsa ataona masamba anachepetsa liwiro yekha. A Obed anatsika, anaima pageti kanthawi, kenaka anavula chipewa. Atalowa anafuna kulankhula, koma a Annie anawatsogolera.

"Obed, mlongo wako waimbira maliro a tauni yonse ino. Iwe umati umuike ngati mwana wakufa pobadwa? Ukanadzatiyang'ana ndi maso ati?"

"Ndimafuna kuthandiza mwana," anatero a Obed motsitsa. Anatuluka n'kukakhala ndi amuna anzawo pansi pa mango, ndipo tsiku lonse sanadye kanthu.

Olivia anapeza chimene ankafuna. Amayi ake analiridwa monga munthu, nyumba inadzaza mpaka ena anakhala kukhonde la oyandikana nawo, nyimbo zinamveka mpaka kumsika. Koma nkhani m'tauni imayenda ndi miyendo yake, ndipo pofika masana inali itavala zovala zina. Olivia akudutsa ndi beseni la makapu kuseri kwa nyumba anamva amayi awiri akunong'onezana.

"Ati amalume ake amafuna abise maliro kuti mwana apite kunja. Mwanayo ndi amene wakana."

"Wamng'onoyo?"

"Yemweyo. Kutaya Amereka chifukwa cha mayi ake. Ana otere masiku ano kulibe. Constance anabereka pamenepo."

"Nanga wamkuluyo?"

"Ameneyo mtima wake sindiudziwa. Tamuonani, maso gwa, ngakhale msozi umodzi."

Olivia anaima ndi beseni lake. Anafuna kuwauza za ndowa ziwiri za m'bafa, kuti woyamba kuthyola nthambi anali iye, kuti wokangana ndi amalume anali iye. Koma akanayambira pati osafika pa geti? Ngakhale maliro amene iye anawamenyera nkhondo anasanduka a Titho, ndipo nsanje imene ankayesa kuti itha ndege ikalephereka inangosintha pokhala.

Chakumadzulo, dzuwa litapendekera ku Chilomoni, anakakhala pamphasa m'chipinda cha amayi momwe munali abale okhaokha. Pabalaza amayi a Mvano anali pakati pa nyimbo. Titho analowa, nkhope itatupa, mawu atasasa. Malo analipo ambiri, koma anadzakhala pafupi ndi mkulu wake mpaka mawondo anagundana.

"Munadziwa, achemwali," anatero motsitsa kuti ena asamve.

Olivia anaganiza zokana, koma anali atatopa. "Ndinadziwa."

"Munadziwa kuti sindingathe."

"Eya."

"Maxon anapita. Sukulu ya unamwino ndinaisiya, amayi ati ukaphunzira komweko. Zaka zonsezi ndakhala ngati munthu wa pa depoti, chikwama m'manja. Inu mumaona nsapato." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye mwakondwa?"

Olivia anafufuza mumtima mwake moona, ngati munthu wofufuza m'thumba lobooka. Chikondwerero sanachipeze.

"Ayi," anatero.

Titho anayang'ana khoma. Kenaka anatambasula dzanja, anagwira nsonga ya chitenje cha Olivia, anagwira ya chake, n'kuyamba kuzimanga pamodzi.

Olivia anazindikira chimene Titho ankachita. Anali ataiwala. Ali ana, akayambana, a Constance sankamenya ndipo sankafunsa kuti wayamba ndani. Ankangowaitana, kumanga nsonga za madiresi awo pamodzi, n'kuwapatsa ndowa imodzi kuti akatunge madzi kumpopi wa kumunsi. Ankapita akukokana ndi kutukwanizana, anthu akuwaseka m'njira, koma pobwera ndi ndowa yodzaza pa chitunda chija sakanachitira mwina koma kuponda mofanana. Amayi ankamasula okha madzulo, akaona kuti yakwana.

"Sindinakukhululukireni," anatero Titho, akukoka mfundoyo ndi mano kuti ilimbe.

"Ndamva."

Olivia anaiyang'ana mfundo ija. Inali yomweija ya amayi, yopinda kawiri n'kulowetsa nsonga mkati, imene iye anayesapo kangapo pa ana ake osaitha. Ngakhale imeneyi anaphunzira ndi Titho. Chinthu chija chinamulasanso pamtima, ndipo pambuyo pake, mosayembekezera, misozi imene ankayesa kuti inathera m'bafa inayamba kutsika. Anaipapasa mfundoyo ndi chikhadabo. Inali yolimba, ndipo woimasula anali ku mochale.

A Annie anasuzumira pakhomo. "Olivia, kwabwera apongozi ako a ku Bangwe. Tabwera udzawalandire."

Olivia anadzuka. Nsalu inakoka, ndipo Titho anadzuka naye osamuyang'ana.